Ndinakwera phiri kukafuna mayi wochapa zovala

Achemwali anga ankaganiza kuti tikupita kukatchova juga. Sindingawaimbe mlandu. Munthu wa ku Denver akanena kuti Loweruka akwera ku Central City, nthawi zambiri amakhala akuthamangira makina odya ndalama aja, chifukwa kuyambira 1991 juga ndi yololedwa m'tauni imeneyi ndi inzake ya Black Hawk. Nditawauza kuti ndikukafuna mayi wina amene anamwalira mu 1885, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, tchuthi changa chimodzi chomwechi ukufuna ndikathere kumanda?"

"Ayi achemwali, manda ake ali konkuno ku Denver, ku Riverside. Kumtundako tikukaona kumene ankachapa."

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikulimbana ndi nkhani yaifupi yonena za Clara Brown, ndipo imandikanika. Mayiyu anabadwira mu ukapolo ku Virginia cha m'ma 1800. Mu 1835, ku Kentucky, iye, mwamuna wake ndi ana awo anagulitsidwa pamsika, aliyense kwa mbuye wakewake. Dzina loti Brown ndi la munthu amene anamugula. Anamasulidwa ali ndi zaka zoposa 50, ndipo mu 1859, golide atamveka ku Colorado, analowa m'gulu la ngolo zopita kumadzulo ngati wophikira amuna a paulendowo. Munthu woti kwathu akanakhala akuwotha dzuwa, adzukulu akumutungira madzi, ndi pamene iye ankayamba moyo.

Tinadzera msewu wa m'chigwa cha Clear Creek, wokhotakhota pakati pa matanthwe, mtsinje uli pambali. Pena pake ndinapempha kuti tiime. Ndinatsetsereka, n'kupinda malaya, n'kuviika manja m'madzi. Unali mwezi wa Okutobala, chipale chisanayambe kugwa kwenikweni. Ndinayamba kuwerenga, koma ndisanafike 20 zala zinali zitauma gwaa, ululu ukukwera mpaka m'zigongono. Achemwali ali m'galimoto ankangoseka, ati misala ya anthu olemba ilibe mankhwala.

Koma pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene chinkavuta m'nkhani yanga. Ndinali nditalemba masamba asanu ndi limodzi a misozi, mapemphero ndi kulakalaka mwana, koma chiganizo cha kuchapa chinali chimodzi chokha. Ine, amene ndinakula ndikupita kudambo ndi agogo, ndikudziwa mmene nsalu yonyowa imalemerera, mmene msana umawawira ukamaliza kufinya bulangete! Ndinadumpha chinthu chokhacho chimene ndikuchidziwa bwino, n'kumathamangira zimene ndinangowerenga. Clara ankachapa zovala za anthu a m'migodi, zokhuthala, zomata matope ndi thukuta. Madzi anayenera kutungidwa, nkhuni kuwazidwa, moto kusonkhezedwa, tsiku ndi tsiku, pamalo okwera mamita oposa 2,500 pamene mpweya umaperewera. Ineyo nditangoyenda pang'ono kukwera msewu wa Eureka ndinali wefuwefu ngati ndathamangitsidwa ndi galu.

Ndi manja amenewo anasonkhanitsa ndalama zokwana madola pafupifupi 10,000 pofika kumapeto kwa nkhondo yapachiweniweni mu 1865, zina n'kugulira malo ndi magawo m'migodi. Nkhondo itatha anabwerera kummawa kukafunafuna abale ake. Mwana wake wamkazi amene ankamufunitsitsa sanamupeze, koma sanabwere chimanjamanja: analipirira ulendo anthu ena omasulidwa kumene mu ukapolo kuti adzayambe moyo ku Colorado.

Central City ndi katauni kakang'ono kopanikizika m'chigwa, nyumba zambiri za njerwa ndi miyala zomangidwa moto wa mu 1874 utapsereza zamatabwa. M'mapiri ozungulira mukuonekabe milu yachikasu ya dothi lotayidwa kumigodi. Dzina la John Gregory, amene anapeza golide kuno mu 1859, simungalephere kulimva. La Clara muyenera kulifunsa. Tinaima pa tchalitchi cha miyala cha St. James Methodist, moyang'anizana ndi nyumba ya zisudzo ya Opera House yomwe inatsegulidwa mu 1878. Mpingo umenewu usanakhale ndi tchalitchi, anthu ankapempherera m'nyumba mwa Clara, momwemo mochapiramo, momwenso ankagonekamo odwala ndi osowa pogona. Chitseko chinali chotseka, ndiye tinangokhala pamasitepe n'kumadya mandasi amene achemwali anakazinga m'mawa.

Ndili pomwepo ndinawafotokozera za dzina lija. Aliyense ankamutchula kuti Aunt Clara, ndipo poyamba ndinkalimasulira kuti azakhali, n'kumamva kukoma. Kwathu ukatchula munthu kuti azakhali ndiye kuti wamulowetsa m'banja. Koma ku Amereka wa nthawi imeneyo, azungu ambiri ankatchula amayi achikuda achikulire choncho pozemba kuwapatsa ulemu umene ankapatsa akazi a azungu anzawo. Mawu amodzi, chikondi chilimo, chipongwe chilimonso. Achemwali anatafuna kaye, kenaka anati, "Ndiye iwe uzingoti Mayi Clara, basi." Ndatero m'nkhani yonse.

China chimene chimandisautsa n'chakuti Mayi Clara sankatha kulemba. Makalata ofunsa za mwana wawo ankawalembera ndi anthu ena. Choncho pafupifupi zonse zimene zilipo za iwo zinadutsa m'kamwa ndi m'zolembera za ena, ndipo enawo ankakonda kuwajambula ngati mngelo wosakwiya, wongopatsa. Ine sindikhulupirira munthu wosakwiya, makamaka amene anaona ana ake akuikidwa mtengo. Ndipo dera limene azungu ankalitcha lopanda mwinilo linali kwawo kwa eni nthaka, Aarapaho, Acheyenne ndi Aute. Mu 1864, Mayi Clara ali pa ntchito yawo kuno, asilikali anapha Acheyenne ndi Aarapaho ambirimbiri ku Sand Creek, ochuluka mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Amayi amenewo ngakhale dzina la pa chikwangwani ambiri alibe.

Mwana uja, Eliza Jane, anapezeka mu 1882 ku Council Bluffs, ku Iowa, patatha zaka 47. Mayi Clara anali atakalamba, chuma chitapita ndi moto, madzi osefukira ndi kupatsa, moti ndalama ya sitima anachita kuwasonkhera anzawo. Ndinkafuna kuyambira nkhani yanga pamenepo, pa kukumbatirana. Ndasintha maganizo. Iyambira m'bandakucha, ndowa ili m'manja, pamwamba pa madzi pataundana.

Potsika, achemwali anaumirira kuti tilowe kaye m'nyumba imodzi ya juga, ati mafuta a galimoto abwerere. Anadyetsa madola asanu m'mphindi zosakwana zitatu. Ine ndinakhala pampando wa pakhomo, kope lili pabondo, ndikuyesa kulemba chiganizo choyamba ndi zala zimene zinali zikadathethekabe.