Tinafika ku Allentown ziwiri tsiku limodzi

Ndinalonjeza kuti lipoti la ulendo wa kagulu kathu ka malipenga, wokamvera bandi ya Allentown Band mu paki ya West Park ku Allentown, Pennsylvania, lituluka sabata yomweyo, koma mashifiti mukuwadziwa. Chandikankha lero ndi chakuti nkhani ya kusokera kwathu yayamba kumera nthambi, aliyense akuifotokoza mwake, ena mpaka akuti tinagona panjira. Inu amene munatsala, imvani kwa ine amene ndinakhala mpando wachiwiri kumbuyo kwa a dalaivala.

Tinagwirizana 10 koloko pa tchalitchi ku Silver Spring, Maryland. Tinanyamuka 11:30, chifukwa amayi a Msungichuma anakana kwamtuwagalu kukwera nsima isanapse, ndipo pamapeto pake tonse tinawayamikira. Tinalipo 13. A Sajeni, bambo amene kale ankaimba lipenga pa zikondwerero za boma, anakhala kutsogolo monga mwa ulemu wawo, atavala jekete yawo ya pa 6 July ngakhale kunja kunali kotentha ngati ku Nsanje.

Tsono nkhani ija ndi iyi. Achimwene a Trombone, amene anadzipereka kuyendetsa, anapereka foni kwa mphwawo kuti alembe kumene tikupita. Mnyamatayo analemba Allentown n'kudina yoyamba kutulukira. Palibe anayang'ananso. Tinadutsa Baltimore tikuimba, tinawoloka mlatho waukulu wa Delaware Memorial tikujambula zithunzi, tinalowa mu New Jersey Turnpike tikudya mandasi. Achemwali a Alto okha ndi amene anafunsa kuti, "Kodi alamu, Pennsylvania amadzera ku New Jersey?" Anayankhidwa kuti foni imadziwa njira zachidule. Cha m'ma 3 koloko foni inalengeza kuti tafika. Tinasuzumira pawindo: katauni kakang'ono, msewu umodzi waukulu, nyumba zakale zokongola, dziwe, phee. A Sajeni anatsika, nayang'ana uku ndi uku manja ali kumbuyo, nati, "Ana inu, mudzi uwu mulibe lipenga." Ndi pamene tinadziwa kuti Allentown ilinso ku New Jersey.

Zimene zinatsatira sindilemba zonse. A Tcheya anakwiya ndithu, mawu anakwera. Amayi a Msungichuma anatulutsa kope lawo pomwepo n'kuyamba kuwerenga ndalama zimene zinapita pa ma toll gate, n'kunena kuti za pa Chingeni n'zamasewera. Achimwene a Trombone anati iwo ntchito yawo ndi chiwongolero, mphwawo anati sanauzidwe kuti mayina amafanana. Anathetsa mkangano ndi a Sajeni. Anati walakwa ndi aliyense amene anali ndi foni m'thumba osaiyang'ana, kutanthauza tonse, ndipo mafuta owonjezera tigawana mofanana. Mnyamata uja anapepesa atagwira chipewa m'manja, ndipo ndikupempha kuti dzina lakuti "Jersey" limene mwamupatsa lithere pa gulu lathu, lisafike kwa apongozi ake.

Tinalowa mu Allentown yeniyeni itadutsa 5 koloko. Zokaona mu mzinda zonse zinagwa, koma a Tcheya anaumirira chimodzi: kuti tiwoloke mlatho wa Albertus L. Meyers. Ndi mlatho wautali wa konkire, wa mumsewu wa Eighth Street, umene unatsegulidwa mu 1913. Mu 1974 anaupatsa dzina la Meyers. Munthuyu sanali meya kapena nduna. Anali woimba koneti, amene anatsogolera Allentown Band kuyambira 1926 mpaka 1976, zaka 50. A Sajeni atamva zimenezi anangoti chete mpaka tinafika kutsidya. Ine ndinadziwa chimene chinali mumtima mwawo, poti munthu amene anaimba lipenga zaka zonse zija pa zikondwerero za boma amadziwa mmene oimba amaiwalidwira mwambo ukangotha.

West Park ndi paki yaing'ono pakati pa nyumba za anthu, ya mitengo ikuluikulu. Kumapeto kwake kuli nsanja ya bandi yooneka ngati chigoba cha nkhono, yomangidwa mu 1908, yomwe imakankhira mawu kwa omvera popanda kudalira zimkuzamawu. Pakhomo salipiritsa. Anthu amangobwera ndi mipando yopinda, agogo ndi zidzukulu, ena ndi agalu awo. Ife tinalibe mpando ndi umodzi womwe, koma tinali ndi zitenje, ndipo tinayala pa kapinga ngati pa chinkhoswe.

Nsima ija inatuluka m'makontena ikadali yofunda. Panali nkhuku yokazinga, nyemba, nkhwani wotendera wa m'dimba la kuseri kwa nyumba ya achemwali a Alto, ndi usipa umene alamu athu anabwera nawo kuchokera ku Salima mwezi wathawu. Usipawo unali wochepa, ndipo amayi a Msungichuma anagawa chowerenga, zisanu zisanu. Achimwene a Trombone anapatsidwa zitatu, ati ziwirizo zatsala ku New Jersey. Gogo wina wachizungu amene anakhala pafupi anakopeka ndi fungo, nafunsa kuti tikudya chiyani. Anamusambitsa m'manja ndi madzi a m'botolo, anamuonetsa kutema mbamu, ndipo analawa nkhwani n'kupemphanso. Usipa anauyang'ana m'maso nthawi yaitali, kenako anati wakhuta. Atamva kuti ndife kagulu ka malipenga anatiuza kuti iye anayamba kubwera mu paki imeneyi atanyamulidwa ndi bambo ake, ndipo tsopano amabwera ndi chidzukulu. Thobwa analikonda kwambiri moti tinamuthirira lina m'botolo lake.

Za maphunziro, monga a Tcheya anandiuza kuti zisasowe: Allentown Band imadziwika kuti ndi bandi ya anthu wamba, osati asilikali, yakale kuposa zonse mu America. Mbiri yolembedwa imasonyeza kuti inaimba pa 4 July 1828, zaka 31 David Livingstone asanafike pa nyanja yathu mu 1859. John Philip Sousa, katswiri wa nyimbo za perete uja amene lipenga lalikulu lozungulira thupi linatengera dzina lake, ankatenga oimba ambiri ku Allentown kukalowa mu bandi yake, ndipo Meyers anali mmodzi mwa iwo. Sousa anamwalira mu 1932 ku Reading, mzinda wapafupi, atangochititsa pulakatisi ya Ringgold Band ya kumeneko. Meyers atapuma, mu 1977 ndodo inapita kwa Ronald Demkee. Mzindawu ulinso ndi mabandi ena akale, monga Marine Band, Pioneer Band ndi Municipal Band, ndipo amasinthana kuimba pa nsanja yomweyi nyengo yotentha.

Koma chimene chinandigwira mtima ine sichinali m'mapepala. Ndinayang'anitsitsa oimbawo akulowa. Ena imvi mbuu, ena achinyamata a msinkhu wa ana athu, atakhala mzere umodzi, kuwerenga pepala limodzi. Nthawi isanakwane aliyense anali pampando wake, chida m'manja. Wotsogolera atakweza ndodo, phokoso lonse linatha nthawi imodzi, ndipo liwu loyamba linatuluka ngati la munthu mmodzi. Ife takhala zaka zitatu, tili ndi zida zisanu ndi ziwiri zogula pa kaunjika, ndipo kawiri konse tatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha amene asunge ng'oma. Anthu awa akuyandikira zaka 200 mu 2028. Pa zaka zonsezo munadutsa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndi nkhondo ziwiri za dziko lonse, koma sabata ndi sabata wina ankatsegula chitseko cha pulakatisi, wina ankasunga manotsi kuti asanyowe. Ndinachita manyazi, komanso ndinalimba mtima, zonse pamodzi.

Nyimbo za perete zitayamba, a Sajeni analephera kukhala. Anaimirira kumbuyo kwathu, chidendene chikugunda pansi, chala chikuyenda pa mabatani a lipenga losaoneka. Pa nthawi yopuma anatisonkhanitsa n'kutikumbutsa kuti zimenezi si zachilendo kwa ife. Agogo athu amene anapita ku nkhondo ndi King's African Rifles anaona mabandi a asilikali, ndipo pobwera kumudzi anapanga zawo: malipenga ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda m'chigawo chapakati, beni ku Mangochi, zikho zikulira m'malo mwa malipenga a mkuwa, amuna atavala zoyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Anati ng'oma yaikulu imene timamva apoyi ndi yomweyo ya pa bwalo la kwawo, kungoti kwawo imavinitsa. Ana athu obadwira kuno anamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo wamng'ono uja wa kalarineti anafunsa ngati angaphunzire mganda. A Sajeni anapukuta m'maso, ati ndi utsi, chonsecho panalibe moto.

Pa nyimbo yomaliza anthu onse anaimirira n'kumawomba m'manja motsatira ng'oma. Amayi athu anaimba nthungululu. Mitu inatembenuka, ena anaseka mokondwa, ndipo gogo wa thobwa uja anayesa nayenso.

Ndithokoze a Tcheya potiganizira ulendowu ndi kuumirira za mlatho. Amayi a Msungichuma, nsima ija ndi imene inabweza mtendere, Mulungu akudalitseni. Achemwali a Alto, tsiku lina mukafunsa funso tidzaimitsa galimoto. Achimwene a Trombone, munayendetsa maola oposa asanu ndi atatu osadandaula, ndipo pobwerera munatifikitsa 1 koloko usiku aliyense pakhomo pake. Usipa wanu uwiri gulu lidzabweza. Alamu a ku Salima, zikomo. Amayi a kunyumba kwa a Sajeni, zikomo potibwereka bambo tsiku lonse ndi kutikumbutsa za mankhwala awo. Ndipo kwa inu amene munasinthana mashifiti kuti anzanu apite, sitinakuiwaleni, zithunzi ndi mavidiyo zili pa gulu.

Pobwerera, titadutsa Harrisburg, a Sajeni anatenga chivundikiro cha poto wa nyemba n'kuyamba kuimbira mganda, ndipo palibe anagona mpaka ku Maryland. M'galimoto momwemo tinagwirizana kuti pulakatisi ikhala Loweruka lililonse 4 koloko, kaya tabwera atatu, ndipo manotsi onse azisungidwa mu fayilo imodzi kwa ine. Ng'oma ikhala ku tchalitchi. Amene simunapereke $12 ya mafuta owonjezera, onanani ndi amayi a Msungichuma lisanafike Lamlungu. Chivundikiro cha poto chija sichinapezeke potsika, ndipo mwini wake akuchifuna, choncho yang'anani m'zikwama zanu.