Zikomo nonse, achimwene atuluka m'chipatala

Achimwene anga tsopano ali kunyumba kwa Mpondasi. Mkono wamanja ulipo, ngakhale zala ziwiri anazidula.

Ambiri munamva kuti ankafolera nyumba pamene lata lomwe ananyamula linakhudza waya wa magetsi, iwo n'kugwera pansi. Ndiyambe ndi inu bambo a galimoto ya lole amene munasiya katundu wanu n'kuwathamangitsira kuchipatala, ndipo munakaniza anthu amene ankafuna kuwapaka mazira ndi mafuta ophikira. Mulungu akudalitseni.

Kwa a dokotala ndi anamwino a pachipatala cha boma cha Mangochi, mawu akundichepera. Bala la m'chikhatho linali laling'ono, louma, lotuwa, ndipo lina linali kuphazi kumene magetsi anatulukira. Achimwene ankalankhula bwinobwino, mpaka kumapempha kuti angowamanga bandeji azipita. Inu munakana. Munatifotokozera kuti magetsi amawotcha minofu ya m'kati khungu likuoneka labwino, ndipo zotuluka m'minofu yakufayo zimakatseka impso. Usiku womwewo mkodzo m'thumba unada ngati tiyi wopanda mkaka. Munawaika madiripu motsatizana, kumayeza mkodzowo ndi kugunda kwa mtima mpaka kunacha. Impso zawo zikugwira ntchito lero chifukwa cha kukana kwanu kuja.

Ku Queens ku Blantyre mkono unali utatupa n'kuuma gwa. Madokotala anaung'amba kuti magazi azidutsa, anachotsa mnofu wakufa kangapo, kenako anatenga khungu la pantchafu n'kuphimba balalo. Anamwino otsuka mabala, ntchito yanu ndi yowawa kuiona, koma simunawakalipire achimwene ngakhale pamene ankakuwa. Inunso opereka magazi amene sitikukudziwani, zikomo.

Amayi anzanga a kukhitchini ya odikirira odwala, munandigawira nkhuni, mchere ndi malo ogona ndili mlendo. A banki m'khonde, a kumzikiti ndi a kutchalitchi, ndalama zomwe munkatumiza pa foni ndi zimene zinkagula mazira ndi mkaka zomwe madokotala analamula kuti mabala apole msanga. Asodzi a ku Makawa, usipa wanu unafika. Alamu, munasunga ana osadandaula.

Ulendo ukadalipo. Zala zotsalazo ndi zouma, ndiye akuchita mafizo, ndipo dzulo agwira okha supuni ya phala. Ofuna kudzawaona bwerani masana, chifukwa m'mawa timakhala tili kuchipatala kotsukitsa bala la kuphazi.