Kabawuti kamene kanandichotsa ulemu kwa apongozi

Apongozi anga kuno ku Indiana, ku America, ali ndi mfuti ya m'manja, revolver ya Smith & Wesson Model 10, imene amaisamala kuposa mano awo. Imalowa zipolopolo 6 za .38 Special, ndipo mtunduwu unayamba kupangidwa mu 1899, nkhani imene amandiuza chaka chilichonse pa chikondwerero cha Thanksgiving ngati kuti analipo. Tsiku lina chogwirira chake chamtengo chinang'aluka. Ine, pofuna kuoneka mkamwini wanzeru, ndinati, "Bambo, musavutike, zimenezi ndisiyireni." Kunena zoona, chida chimene ndinali nditakonzapo m'moyo wanga ndi legeni basi.

Ndinagula pa intaneti chogwirira chamtengo chonyezimira ngati guwa la m'tchalitchi. Chitafika, ndinalowa m'galaja ya apongozi, ndinatsegula silinda, molowa zipolopolo muja, kuona kuti mulibe chipolopolo (pamenepa pokha ndiyamikeni), n'kuchiveka. Kumbuyo kunatsala mpata woti mphemvu n'kulereramo ana. Kodi nanga ndinadziwa kuti mfuti za K-frame, gulu limene ya apongozi ilimo, zili pawiri kumunsi kwa chogwirira? Zina ndi round butt, zobulungira, zina ndi square butt, zamakona. Ya apongozi ndi yobulungira, ine ndinagula chamakona, ngati kuveka nsapato ya kumanzere phazi la kumanja.

Ulendo wachiwiri ndinagula champhira cha kampani ya Hogue, chija chili ndi timipata ta zala. Chimenechi sichibwera mbali ziwiri ngati chamtengo, n'chimodzi, chimalowa kuchokera pansi n'kumangidwa ndi bawuti ya kumunsi. Kapepala kamalangizo ndinakaponya uko, poti mwamuna sawerenga zimenezo. Chinkalimba polowa. Nditasuzumira, ndinaona kabawuti kena kutsogolo kwa chitsulo chogwiriracho, chakumunsi. Ndinati, mdani ndi ameneyu. Ndinakamasula, mphira ndikukankha mpaka inalowa, kabawuti kaja n'kubisika mkati. Ndinaiwala zoti ndinakakhudza.

Loweruka apongozi anaitana anzawo awiri kumalo oyesera kuwombera kuti akaone ntchito ya mkamwini. Ndinaima kumbuyo, chifuwa patsogolo, zotsekera m'makutu zili ngwee. Iwo analoza chandamale, n'kukoka. Tswii. Phokoso la ndodo ya machesi.

Tsono mfuti ikakana chonchi sumangoitsegula ayi, umadikira masekondi 30 ili cholozera kutsogolo, kuopa kuti chipolopolo chingaphulike mochedwa. Abale, masekondi 30 ndi aatali. Ndinakumbukira machimo anga onse kuyambira Sitandade 1. Anakokanso. Tswii. Masekondi ena 30.

Apongozi, munthu wabwino, anayamba kunyoza zipolopolo kuti n'zakale. Ine ndinavomereza mwamphamvu, mpaka kuwonjezera kuti mwina zinanyowa. Koma mkulu woyang'anira malowo anatola chimodzi, n'kutionetsa pamene hamala, kachitsulo komenya chipolopolo, inamenya: kachizindikiro kosaoneka bwino, ngati yaluma nkhalamba yopanda mano. Anavula mphira ija, n'kufunsa, "Ndani wamasula strain screw?" Ndinayang'ana kudenga ngati dzina limeneli ndi la munthu wina. Anafotokoza kuti kabawuti kaja ndi kamene kamakunga sipuling'i ya hamala, kakamasuka hamala imangosisita chipolopolo m'malo mochimenya. Anakamanga, ntchito ya mphindi imodzi, mfuti n'kulira phuu!

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Apongozi anawombera zipolopolo 6, n'kuyang'ana dzanja lawo. Zala zawo n'zonenepa ngati nthochi, sizimalowa m'timipata tija, chala chilichonse chinkagona pamtumbira. "Mwana wanga," anatero mofatsa, "chakale chija unachitaya?"

Chinali m'bini ya m'galaja, pansi pa makoko a mbatata. Madzulo omwewo anachitsuka, anachimata ndi guluu, n'kuchibwezera. Ine anandipatsa ntchito yogwira tochi.