Sabata yonse pa kapatch kakang'ono ka ext4

Ku ofesi kwathu kuno ku Chipata timasunga maina a alimi ndi makilo a nshawa ndi soya amene agulitsa, zonse pa seva ya Debian (mtundu wina wa Linux) yokhala ndi ext4, dongosolo losanjira mafayilo pa disiki. Lolemba, mnyamata amene tangomulemba ntchito anandionetsa patch (zosintha mu code ya ext4) yomwe ankafuna kutumiza kwa osamalira kernel, mtima wa Linux.

"Bwana, sindinasinthe kanthu, ndangoyeretsa."

Anali atawongola mipata ya mu code monga inamuuzira checkpatch.pl, pulogalamu yoona kalembedwe ka code. Apo panalibe vuto. Koma dzanja likayamba kusesa silifuna kuleka: penapake anachotsa u64 (yosunga nambala zazikulu kwambiri) n'kuikapo int (yosunga zocheperapo), akuti ikuoneka bwino, kwina anakweza mzere womasula loko (chotchinga choti mapulogalamu asalembe pamodzi) kuti ukhale pafupi ndi unzake.

Lachiwiri linathera pa mizere iwiriyo. Nambala ya int imalekera pa 2,147,483,647, ndiye fayilo ikangodutsa 2GB, malo olembapo amasokonekera. Loko ikamasulidwa msanga, mapulogalamu awiri amalemba pamodzimodzi. Pulogalamu wamba ikalakwa umaitseka n'kuitsegulanso. Za ext4 ayi. Cholakwacho chimakhazikika pa disiki, kompyuta osadandaula, usiku backup (kope losungira padera) n'kukopera zowonongekazo. Kuli ngati anankafumbwe m'thumba losokedwa bwino, umadzadziwa tsiku lopita kuchigayo.

Ndinamukumbutsa za mu Disembala 2023. Patch ya ext4 inalowetsedwa mu kernel 6.1.64 popanda inzake imene inkadalira, mafayilo ena n'kuyamba kuwonongeka, mpaka a Debian anaimitsa mtundu wawo wa 12.3 n'kutulutsa wa 12.4. Ndipo ija inali yokonza vuto lenileni, yodutsa m'manja mwa akatswiri. Kuyeretsa kumawonjezera ngozi yomweyi, chifukwa mizere ikasuntha, zokonza zamtsogolo sizilowanso bwino m'makernel akale amene ife timagwiritsa ntchito.

Lachitatu ndinali ku Katete, rauta (kachipangizo ka intaneti) itafa.

Lachinayi tinayesa zenizeni. Tinakompaila code yakale ndi yatsopano (kuisandutsa malangizo a makina) n'kuyerekeza zotulukazo pogwiritsa ntchito pulogalamu ya objdump. Kukanakhala kuyeretsa chabe, zotuluka zikanafanana, sizinafanane. Kenako tinayendetsa xfstests, mayeso a madongosolo a mafayilo, pa kompyuta yakale yopanda ntchito. Zozimitsa dala magetsi disiki ili mkati molemba sitinavutike nazo, malaiti anapita okha masana, ndipo atabwera e2fsck, pulogalamu yofufuza zolakwika pa ext4, inapeza zoti ikonze.

Lachisanu anabweza u64 ndi loko m'malo mwake. Za mipata ndinamuuza asatumize, osamalira ext4 monga a Theodore Ts'o ali ndi zambiri zowerenga. M'malo mwake ndamupatsa ntchito yoyesa kubwezeretsa backup ya mwezi watha, tione ngati imatseguka msika wa soya usanayambe.