Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makapusi a sosaite

Ulendo watha ndinalekezera pomwe azakhali anafika ndi makina opetera a Brother kuchokera ku Johannesburg, atawafungatira ngati khanda m'basi njira yonse ya pa Beitbridge. Munali mu 2010, dola ya ku America itatha chaka m'manja mwathu, ndipo kachipinda kathu ka ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kanasanduka shopu.

Nsalu yoyalika sinkandivuta. Ya patebulo kaya ya pilo, ndinkangoimanga mu hupu (kafelemu kokungira nsalu popeta), kudina batani, basi. Ndinayamba kuyenda ndi mapewa m'mwamba.

Kenako anabwera mkulu wina wa sosaite ya maliro ya anthu akwathu, amene tonse tinkangowatchula kuti amalume. Agogo anga, omwe anachoka ku Dedza mzinda uno ukutchedwa Salisbury, anasonkha m'sosaite imeneyo mpaka kumwalira, ndiye kukana kunalibe. Ankafuna makapusi 30, dzina la sosaite pamphumi.

Abale, kapusi si nsalu. Ndi yokhota, youma kutsogolo, msoko wokhuthala umadutsa pakati penipeni pomwe pagwere zilembo, ndipo mlomo wake umangogunda makina. Makina akuluakulu a Tajima ali ndi felemu yakeyake ya makapusi. Athu analibe. Ine ndi liuma langa ndinapanikiza kapusi mu hupu mpaka zala kuwawa. Singano zitatu thyo! Zilembo zinatuluka zikudzandira ngati zamwa kachasu. Kapusi wachiwiri chimodzimodzi.

Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali osayankhula.

"Mwanawe, bwanji ukukoka mbuzi yokana khola? Chomanga mu hupu ndi backing. Kapusiyo imangogona pamwamba."

"Nanga siisuntha, azakhali?"

"Tabwera uone."

Anamanga backing yokha, kansalu kochirikiza kokhala ndi guluu mbali imodzi, n'kukanda pepala lapamwamba ndi phini, n'kulisenda. Kansalu komwa thukuta ka m'kati mwa kapusi anakapindira kunja. Anaphwatalitsa mphumi ya kapusi paguluu, msoko wapakati ukugwera ndendende pamzere umene anajambula, n'kubaya maphini m'mbali, kutali ndi njira ya singano. Asanayambe zilembo anayendetsa kaye ulusi wotalikirana kuzungulira malo onsewo, wodzasomola pomaliza. Singano anaika ya saizi 90/14, liwiro la makina anatsitsa, zilembo anachepetsa kuti zisapitirire masentimita 5 m'litali, ndipo zinayambira pakati kumka m'mbali kuti nsalu isakwinyike pamsoko.

Chimene sanandiuze, mwina dala, n'chakuti guluu amakakamira pasingano. Ulusi unkangoduka, ine n'kumatukwana makina osalakwa, mpaka ndinaona kanongonongo kakuda pafupi ndi diso la singano. Kuchokera pamenepo kathonje konyowa ndi sipiriti sikanachokenso pambali panga.

Magetsi masiku amenewo ankakonda kubwera anthu atagona, choncho makapusi ambiri ndinawapeta tambala ali pafupi kulira, azakhali akusinza pampando, chitenje kumutu.

Awiri owonongeka aja ndinagula ena m'malo mwake ndi ndalama zanga za sopo. Amalume atabwera anawerenga onse 30 kawiri, kenako anaona wodzandira uja atapachikidwa pamsomali.

"Uyu ngwa ndani, mdzukulu?"

"Ngwotaya, amalume."

Anamuvala pomwepo n'kutuluka naye. Kumaliro atatu otsatira ndinawaona atavala womwewo.

Gawo 10 ndidzanena za masokosi a timu ya mpira, amene anandiliza misozi yeniyeni.