Mmene ndinabwezeretsera kuwala pa Axio yanga ya siliva

Galimoto ya siliva imabisa litsiro, n'chifukwa chake ambirife timaikonda. Fumbi la ku Lilongwe la mwezi wa Okutobala likhoza kukhalapo sabata yonse osaoneka kwenikweni, pamene yakuda imatuwa mbuu tsiku lomwelo. Kubisa komweko n'kumene kunandisocheretsa zaka zitatu. Axio yanga inkatsukidwa Loweruka lililonse, wakisi ndinkapaka, koma tsiku lina itaima pambali pa inzake yongofika kumene kudzera ku Dar es Salaam, mtima unandiwawa. Inzakeyo inkanyezimira ngati yanyowa, yangayo inali ngati sefuliya yakale. Chonsecho mtundu unali umodzi, 1F7, nambala imene Toyota amailemba pamphuthu ya chitseko.

Ndisanagule chilichonse ndinayamba ndafuna kumvetsa pentiyo. Mu penti ya metallic muli tizidutswa ta aluminiyamu timene timathwanima dzuwa likawomba, ndipo pamwamba pake pali clear coat, penti yopanda mtundu yokhala ngati galasi. Imeneyi ndi yopyapyala zedi, mamaikiloni 40 kapena 50 basi, osafika ngakhale tsitsi limodzi. Ikakalika kapena kumatidwa ndi zinyalala, kuwala kumabalalika kusanafike pa tizidutswa tija. Kupaka wakisi pamwamba pa zimenezo kuli ngati kudzola mafuta usanasambe.

Ndinayamba mbandakucha wa Loweruka, galimoto ili pamthunzi, chitsulo chikadali chozizira. Matayala ndi malimu ndinayambira, ndi ndowa yakeyake, chifukwa ndi kumene kumakhala mchenga woipa. Thupi la galimoto ndinatsuka ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira nsalu, kuyambira kudenga kutsika. Kamodzi kokhaka ndinagwiritsa ntchito sopo wa mbale kuti achotse wakisi wakale. Masiku ena onse sindimuyandikiza pagalimoto.

Nditatsukuluza, m'maso inkaoneka yoyera bwinobwino. Kenako ndinalowetsa dzanja m'jumbo yopyapyala ija ya shuga wa pamsika, n'kuyendetsa zala pang'onopang'ono paboneti. Ndinamva kukhakhala ngati ndikusisita khoma la pulasitala, jumboyo ikuchita kulira. Pa penti ya siliva zala ndiye zimanena zoona, chifukwa maso amaona ngati zonse zili bwino. Apa m'pamene ndinakhalitsa kuposa pena paliponse, ndipo ndikukhulupirira kuti gawo lalikulu la kuwalako linachokera pamenepa.

Timadontho ta tara tinali mbwee kumunsi kwa zitseko. Ndinanyowetsa kansalu ndi parafini, n'kukagunditsa pa dontho lililonse kwa kanthawi mpaka tara atasungunuka yekha, osakwecha, kenako ndinatsukapo ndi sopo nthawi yomweyo. Nditayang'anitsitsa pabuti ndi pabampala yakumbuyo ndinaona timadontho tina tofiirira, tochepa ngati nsonga ya singano. Timeneto ndi fumbi la chitsulo, lambiri lochokera ku mabuleki, limene limalowa m'penti n'kuchita dzimbiri. Ndinapoperapo mankhwala otchedwa iron remover. Amanunkha ngati dzira lowola, koma patangotha mphindi zitatu buti yonse inayamba kuchucha madzi a pepo, kusonyeza kuti chitsulo chija chikusungunuka. Ndinatsukuluza asanaume.

Zotsala zinachoka ndi clay bar, kachinthu kofewa ngati dongo loumbira mphika. Ndinakaphwatalala m'manja, ndinanyowetsa penti ndi madzi a sopo wa galimoto ambirimbiri, n'kumakayendetsa mopepuka mpaka kulira kuja kutasiya. Kakada ndinkakapinda kuti ndipeze mbali yoyera. Kachidutswa kamodzi kanandipulumuka n'kugwa pansi, ndipo ndinakataya ngakhale kanali katsopano, poti mchenga umodzi wokha ukanalemba mizere boneti yonse. Nditabwereza mayeso a jumbo, penti inali see.

Kupolisha ndinadikira chisisira. Masana dzuwa limachititsa khungu pa siliva, timizere sitioneka. Ndinalowetsa galimoto m'galaja, ndinazimitsa getsi, n'kuunika ndi tochi ya LED chammbali. Abale, kuzungulira kuwala kwa tochiyo kunali timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Zimenezo ndi zipsera za nsalu imodzi ija imene imapukuta matayala kenako n'kukwera padenga.

Makina amene ndinagwiritsa ntchito ndi a dual action, amene achimwene anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Amazungulira uku akugwedezeka, choncho satentha penti msanga. Aja ongozungulira ngati galayinda ndi a anthu amene dzanja linazolowera, chifukwa pakona akhoza kudya clear coat yonse m'kanthawi kochepa, ndipo ikatha sibwereranso. Ndinamata tepi pamapulasitiki akuda ndi m'mphepete mwa zitseko, kenako ndinasankha kachigawo kamodzi paboneti, masentimita 40 mbali zonse, kuti ndiyesere. Ndinayamba ndi polishi wofewa, Meguiar's M205, timadontho tinayi ngati njere za nandolo pa siponji yofewa. Ndinamuwaza kaye makina akuyenda pang'onopang'ono, kenako ndinawonjezera liwiro, n'kumayenda mopingasa ndi mowongoka kanayi, dzanja likusuntha mwachifatse. Nditapukuta n'kuunika, malire a pamene ndapolisha ndi pamene sindinafike ankaoneka ngati ndajambula ndi rula, ndipo tizidutswa ta aluminiyamu tinayamba kuthwanima kamodzikamodzi.

M'mbali monse polishi wofewayo anakwana. Padenga ndi paboneti pokha, pamene madzi a pamjigo ankaumira n'kusiya mawanga, ndinayamba ndi kompaundi, polishi wamphamvu wotchedwa M105, kenako n'kubwereza ndi wofewa uja. Siponji ndinkaitsuka ndi burashi ndikangomaliza chigawo chilichonse. Pachitseko chakumbuyo pali mzere wina wozama umene chikhadabo chimakodwamo. Umenewo ndinausiya dala. Kuti uchoke ndikanayenera kudya penti yozungulira mpaka kufika pansi pa mzerewo, ndipo pa siliva suoneka pokhapokha munthu atawerama. Ntchitoyi inandipeza Lamlungu masana, mapewa akuchita kuphwanya.

Polishi amasiya mafuta amene amabisa timizere totsala komanso kuletsa zotetezera kugwira. Ndinapukuta galimoto yonse ndi isopropyl alcohol wosakaniza ndi madzi, ndinaunikanso, ndipo malo awiri ndinabwereza.

Pa zotetezera ndinasankha sealant, mankhwala opaka pamwamba pa penti, m'malo mwa wakisi wa carnauba, uja wochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Carnauba amakoma pa galimoto yofiira kapena yakuda, koma kwa ine siliva amafuna kuwala kozizira ngati kwa galasi, ndipo sealant amapirira dzuwa lathuli miyezi ingapo. Ndinapaka mopyapyala moti ndinkachita kupendeka mutu kuti ndione pamene ndadutsa. Atauma ndinapukuta ndi nsalu ya microfibre yatsopano, ndipo galimoto inagona m'galaja usiku wonse osakhudza madzi.

M'mawa mwake ndinamalizira zimene ambiri amaiwala. Siliva amaoneka wowala kwambiri pamene zomuzungulira zada bii, choncho ndinadetsa matayala ndi mapulasitiki amene anali atatuwa, ndinapukuta magalasi mkati ndi kunja, ndinapolishanso magetsi akutsogolo amene anali atayamba chikasu. Nditaitulutsa panja cha m'ma 7 koloko, masamba a mtengo wa mango wa pakhomo ankaoneka pachitseko limodzilimodzi. Ndinayang'ana m'mwamba, ndinaona mbalame zili m'nthambi, ndipo ndinaibwezera kumbuyo kukaiimika kuseri kwa nyumba.