Mbiri ya moyo wanga, gawo la 7: "Amake ana mwawauza?"

Gawo lapitalo ndinakusiyani pa maliro a agogo anga ku Msoro. Nditabwerera ku Lusaka, nkhani ya unsembe ija ndinkaithawa kwa zaka zambiri inayamba kundisowetsa tulo. Munali mu 2021, chaka chimene bishopu wathu wa Lusaka, David Njovu, anatisiya.

Pa nthawiyo ndinali lay reader, mtsogoleri wa mapemphero wosadzozedwa, pa tchalitchi chathu cha Anglican mu komboni. Abambo wansembe anali ndi matchalitchi angapo, ndiye Lamlungu limene ali kwina, ine ndinkatsogolera mapemphero a m'mawa, kuwerenga Mawu ndi kulalikira. Kudalitsa mkate ndi vinyo ayi, imeneyo ndi ntchito ya wansembe.

Usiku wina anandiitana kwa mkulu wina wa mumpingo amene anali atadwalika. Anandigwira dzanja nati akufuna kulapa. Ndinamvetsera zonse, tinapemphera, ndinawawerengera Salimo 51. Koma mawu a chikhululukiro amene ankawadikira, ine ndinalibe mphamvu yowanena. Abambo anali kutali pa maliro ena, ndipo anafika mkuluyo atatsikira kale kulichete. Ndikudziwa kuti chifundo cha Mulungu sichidikira kolala ya munthu. Komabe maso a mkulu uja sanandichoke m'mutu.

Patapita milungu iwiri ndinalimba mtima, ndinagogoda ku vestry, chipinda chovalira ansembe, Misa itatha. Ndinayankhula nthawi yaitali, za maloto, za mtima wosakhazikika, za agogo amene ankatisimbira za Leonard Kamungu, wansembe wa ku Nyasaland amene anayamba ntchito ya mishoni ku Msoro n'kumwalirira komweko mu 1913. Abambo anangokhala phee. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Amake ana mwawauza?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Ndiye mwayambira kumapeto, akulu. Pitani kunyumba."

Asanandilole kutuluka anandifotokozera njira yake. Kwathu ku Anglican munthu sadzuka m'mawa n'kudzitcha wansembe. Mpingo umene umakuona tsiku ndi tsiku uyenera kuvomera kuti nawonso ukuona maitanidwewo. Wansembe wa parishi ndi akuluakulu a mpingo amakuperekera umboni kwa bishopu, kenako amakufunsa mafunso anthu amene bishopu wawasankha. Ukadutsa pamenepo ndi sukulu, ku seminale ya St John's ku Kitwe. Ukamaliza amayamba akudzoza udikoni, unsembe umabwera pambuyo. Ndipo ukalonjeza kumvera bishopu, susankha kokhala. Dayosizi ya Lusaka imafika mpaka ku Livingstone. Akhoza kukutuma ku Mapanza pakati pa Atonga, iwe Chitonga osachidziwa.

Kunena zoona, tsiku limenelo zinandiwawa. Ndinkayembekezera kuti andikumbatira. Lero ndimaona kuti anachita bwino. Mu Lusaka muno aliyense wokhala ndi sipika ndi kalasi yochita lendi akutchedwa mneneri, ndipo palibe womufunsa kuti anamutuma ndani. Ine ndimathokoza kuti mpingo wanga umafunsa.

Sindinapite kunyumba molunjika. Ndinakwera minibasi n'kukatsikira pafupi ndi Cathedral of the Holy Cross, ndinakhala pa benchi ya kumbuyo mpaka kuwala kwa magalasi amitundumitundu aja kutayamba kuzilala. Sindinapemphe chizindikiro. Ndinkangoyeseza mawu okauza mkazi wanga.

Ndinawapeza akuwerenga ndalama za salaula, zovala zovalidwapo kale zija, popeza ndiyo bizinesi yawo ku msika wa Soweto. Ana atagona ndinayamba, mozungulira ngati munthu wodzakongola ndalama. Anandidula.

"Atate ake ana, mukufuna unsembe. Ndinadziwa kalekale. Ndimangodikira kuti mudzanena liti."

Ndinasowa chonena. Koma iwo anali asanamalize.

"Mukapita ku Kitwe, lendi alipira ndani? Wamkuluyu akulemba giredi 9 chaka chamawa. Nanga amayi anu kumudzi, feteleza aziwagulira ndani? Ine sindikukana. Koma musandiuze kuti Mulungu adzapereka, n'kundisiya ndekha ndi alandilodi pakhomo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa ulaliki uliwonse umene ndinamvapo. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti maitanidwe ndi nkhani ya ine ndi Mulungu, pomwe mtolo wake ukagwera pa mutu wa mayi amene amadzuka 4 koloko kukasankha mabelo.

Anang'amba pepala pakati pa kope la mwana, nandipatsa cholembera. Tinalemba zonse: lendi, ufa, makala, malaiti, sukulu, feteleza. Masamu sanagwirizane ngakhale pang'ono. Tinagona tambala woyamba atalira.

Lamlungu lotsatira anavala yunifomu yawo ya Mothers' Union, gulu la amayi a mumpingo, napinda pepala lija n'kuliika m'buku la mapemphero. Misa itatha anandigwira pa mkono.

"Tiyeni kwa abambo. Nanenso ndili ndi mafunso anga."